Anavomera Chibwenzi Kuti Manja Anga Aphwe

Aphungu,

Ndikulemba masana chifukwa m'mawa zala zanga sizigwira cholembera. Mundikhululukire malemba okhotakhotawa, kale ndinkalemba bwino ine.

Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala kwathu ku Utale. Amuna anga, a Elliam, kwawo ndi kwa Nsamala, koma anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu. Iwowo ndi kondakitala wa minibasi ya pakati pa Balaka ndi Liwonde. Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi pamsika. Sikudzitama ayi, koma akwati ambiri a kuno analowa m'tchalitchi ndi mitu yochokera m'manja mwangamu. Zala zimenezi zinkathamanga, Aphungu, moti anzanga ankandiseka kuti ndimaluka ngati ndikuthawa mvula. Lero sizitha ngakhale kutsegula botolo la mafuta.

Chaka chatha tinalandira mwana wathu woyamba, Mwai. Mimba ndinayenda nayo bwinobwino. Ngakhale timaululu ta m'mikono timene tinkandivuta nthawi yozizira kuyambira ndili mtsikana, tinatheratu. Koma mwana asanayambe n'kukhala komwe, ndinadzuka tsiku lina manja ali gwa, ngati si anga. Mfundo za zala zinali zotupa, zotentha, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. Ndinati mwina ndi kuchapa matewera. Kenako zinalowa m'mikono, m'maondo, mpaka kumapazi. M'mawa ndimaponda pansi ngati ndikuponda minga, ndipo thupi limayamba kumasuka dzuwa litakwera kale. Kutopa kwake ndiye musanene. Ndaonda, masiketi onse akundivuka.

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wochokera ku Liwonde kuti ndimuluke za chikwati chake. Ndinadzilimbitsa mtima, ndinati ndalukapo mitu ingati ine. Ndinafika pakati pa mutu basi, zala zinakana. Anachoka atafunda mpango, mbali ina yoluka, mbali ina yosaluka, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpando wanga wa kumsika uli pakhonde, nkhuku ndi zimene zimakhalapo.

Koma chimene chimandiliza kwambiri ndi mwana. Mwai akalira m'mawa sinditha kumunyamula, ndimachita kumukokera ndi zigongono. Nsalu yomuberekera sindingamange ndekha. Amandimangira ndi abambo ake asanapite ku ntchito, ndipo masiku ena amachedwa nazo mpaka dalaivala kuwasiya.

Kuchipatala chathu chaching'ono anandiyeza malungo, anandiyezanso kachilombo, zonse bwinobwino. Anati ndi nyamakazi, n'kundipatsa mapilitsi opha ululu. Nditakafotokoza kunyumba, malume anga a Walter, amene ndi mwini mbumba pamudzi pathu, anapukusa mutu. "Nyamakazi? Pamsinkhu wakowo? Nyamakazi ndi yathu ife okalamba. Ili ndi tsempho, mwanawe. Watupa mwana asanatengedwe kumphasa, ukufunanso umboni wanji?"

Mwambo wake mukuudziwa. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi sakhalira malo amodzi mpaka akuluakulu atalola, ndipo amati bambo akazembera kwina pa nthawi imeneyo, mayi kapena mwana amatupa. M'nyumba mwathu mwambo tinasunga. Koma amuna anga ndi kondakitala, ndipo masiku ena galimoto ikawonongeka amagona ku Liwonde. Basitu, mlandu unatha usanayambe.

Anawaitanira pakhonde pa amayi anga, ankhoswe a mbali zonse alipo. A Elliam anakana. Anakanitsitsa mpaka kulumbira. Sing'anga amene malume anabwera naye anati mankhwala ake sagwira ngati wolakwa sanaulule ndi pakamwa pake, n'kutchula dzina la mkaziyo. Atatero anatola thumba lake kuti azipita. Ine ndinali pamkeka, manja ali pamiyendo, ndikulephera kuingitsa ntchentche pankhope pa mwana. A Elliam anandiyang'ana. Kenako anati, "Chabwino, ndinachimwa. Dzina lake ndi Monica, amagulitsa nsomba kudepoti ku Liwonde. Apatseni mankhwalawo."

Mayo ine, Aphungu! Ndinawatukwana pamaso pa apongozi awo, mawu oti sindingalembe pano. Pakamwa pangapa ndi pakuthwa, ndimadziwa ndekha. A Elliam anandimwetsa mankhwalawo ndi dzanja lawo monga ananenera sing'anga, ine ndikumwa ndikulira. Kenako sing'angayo ananditema mphini pa mfundo iliyonse yotupa, n'kupakamo zakudazakuda. Zina zinachita mafinya.

Sindinachire. Chala chapakati cha kumanja chayamba kukhota, ndipo zinazo zikupendekera kumbali.

Tsiku lina m'mawa akundimangira mwana kumbuyo, amuna anga anandiuza motsitsa mawu kuti, "Amake Mwai, Monica kulibe. Ndinangopeka. Sing'anga uja amapita ndi mankhwala ake, ndikanatani? Ndinati bola anditche wachimasomaso koma inu muchire." Ine ndinawayankha kuti, "Ndiye bodza lanu ndi liti, lija kapena ili?" Anamaliza kumanga nsalu n'kumapita ku ntchito.

Malume nawo sanakhale pansi. Anakwera minibasi mpaka ku Liwonde, n'kukafunsa azimayi onse a nsomba kudepoti ndi kumsika. Monica sanapezeke. Ine ndinayesa kuti apa ndiye zayera. Iyayi! Anabwerako atapsa mtima kuposa kale. "Mwaona? Anatchula dzina labodza kuti abise chibwenzi chake chenicheni. N'chifukwa chake mankhwala sanagwire. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Chimene chikuwaopsa malume ndi mlongo wawo, mayi anga aang'ono a Anastasia. Nawonso anatupa chonchi atabereka, ine ndili kamwana. Amuna awo anakana kuulula, anawathamangitsa pamudzi. Lero manja a mayi aang'onowo anapiringizika ngati mizu, kudya amachita kudyetsedwa. Malume amati, "Kwa mayi ako aang'ono tinachedwa. Kwa iwe sitichedwanso." Amanena zimenezi misozi ili m'maso. Sikuti ndi munthu woipa.

Tsopano agamula kuti ankhoswe akumanenso kumapeto kwa mwezi uno. A Elliam akatchule dzina lenileni, apo ayi anyamule zovala zawo azipita kwawo. Ine andiuza kuti ndikawaikira kumbuyo ndiye kuti ndasankha mwamuna n'kutaya moyo wanga. Amayi anga anasiya ngakhale kuwapatsa moni.

Ndikuuzeni zoona, sindikudziwa chimene ndikukhulupirira. Amuna angawa ndimawakonda, komanso ndikudana nawo. Ndikawaona akuchapa matewera kuseri kwa nyumba kuti anzawo asawaseke, ndimati munthu uyu sangandiphe. Akachedwa kubwera, ndimayang'ana zala zangazi n'kumati ndi iyeyu basi. Ndili ndi mantha, Aphungu. Ndikuopa kudzakhala ngati mayi aang'ono. Ndikuopa kuthamangitsa munthu wosalakwa, koma nanga ndikapuwala chifukwa chomvera chisoni wolakwa?

Kodi nthenda imeneyi imachokera kuti ngati si tsempho? Munthu sanagwe, sanalumidwe ndi kanthu, magazi akuti ali bwinobwino, angatupe bwanji yekha? Nanga tsiku la ankhoswe ndikanene chiyani? Ndithandizeni, mutu waima.

E.K., Utale, Balaka

Amake Mwai,

Pepani ndi ululuwo, pepaninso ndi mpando wanu wa kumsika. Koma sindikunyengererani ndi mawu okoma, chifukwa nthawi yanu ndi yochepa, ndipo si ankhoswe amene akuichepetsa.

Ine si dokotala ndipo sindinakuoneni. Kalata yanu ndinakawerengera dokotala wina woona za mafupa, ndipo ndisanafike n'kumapeto komwe anati, "Mayi ameneyu afike kuchipatala chachikulu msanga." Kutupa mbali zonse ziwiri mofanana, kuuma m'mawa mpaka dzuwa kukwera, kutopa, kuonda, kuyamba mutangobereka, zonsezi zikufanana kwambiri ndi mtundu wina wa nyamakazi umene kuchipatala amautcha rheumatoid arthritis. Dzinalo likulumitsa lilime, koma musaliiwale. Malume anu sananame kuti ilipo nyamakazi ya okalamba, yobwera chifukwa mfundo zaperepeseka ndi ntchito ndi zaka. Iyi ndi ina. Imagwira ngakhale atsikana, ndipo akazi imawagwira kwambiri kuposa amuna.

Mwafunsa kuti munthu angatupe bwanji yekha. Tcherani khutu. Kusikelo anakuphunzitsani za asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi tizilombo. Ntchito yawo yoyamba ndi kuzindikira kuti uyu ndi wathu, uyu ndi mlendo. Pa matenda a kachilombo kaja asilikaliwa amachepa. Pa nthenda iyi sachepa ayi. Alipo ambiri, amphamvu, koma asokonezeka, akuona mnofu wanu womwe ngati mdani.

Zimayamba chonchi. Anthu ena amabadwa ndi asilikali osachedwa kusokonezeka, ndipo zimenezi zimayenda kumtundu monga umayendera msinkhu kapena khungu. Kubadwa nazo si kudwala, ambiri amakalamba osamva kanthu. Koma pakakhala chinthu chonyanyula mnofu kwa nthawi yaitali, makamaka m'mapapo kapena m'nkhama za mano, tizigawo tina ta mnofuwo timasintha kaonekedwe pang'ono. Utsi wa fodya ndiwo wodziwika kwambiri pa zimenezi. Palinso fumbi ndi chiseyeye, ndipo akatswiri akukayikiranso utsi wa nkhuni. Asilikali aja akaona tizigawo tosinthato satizindikira. Amasula zida zolimbana nato n'kuzimwaza m'magazi. Zida zimenezi zimatha kuzungulira m'magazi zaka zambiri, mwiniwake akuluka tsitsi, akuvina paukwati, osadziwa kanthu. Mwa anthu ambiri choyambitsa chenicheni sichidziwika n'komwe, choncho musayambe kudziimba mlandu wa utsi wa kukhitchini.

Kenako nkhondo imasamukira m'mfundo. Mfundo iliyonse ili ndi kanembanemba kopyapyala kamene kamaikuta ndi kutulutsa timadzi toterera kuti mafupa asakhulane. Asilikali akalowa m'menemo amaitana anzawo, anzawowo amaitananso ena, ndipo palibe wowauza kuti bwererani. Kanembanembako kamatupa, kamatentha, kamadzaza madzi. Ndiko kutupa mukukuonako. Munthu akagona, mfundo sizigwedezeka ndipo madziwo amaunjikana, n'chifukwa chake mumadzuka muli gwa. Uthenga umene asilikali amaitanirana umayenda m'magazi thupi lonse, ndipo ndi umene ukukutopetsani, kukuondetsani ndi kukuchepetsani magazi. Miyezi ikamapita, kanembanemba kaja kamakhuthala n'kuyamba kudya kafupa kofewa kokuta nsonga za mafupa, kenako fupa lenilenilo, kwinaku mitsempha yogwira chala ikufooka. Chala chimakhota. Chowawa kwambiri n'chakuti pamene padyeka sipameranso.

Nanga bwanji zinabuka mutangobereka? Mayi akakhala ndi pakati, thupi limawagoneka pang'ono asilikali aja kuti asalimbane ndi mwana ali m'mimba. Mwina n'chifukwa chake timaululu tanu ta m'mikono tinatha. Mwana akabadwa amadzambatuka onse pamodzi, ndipo mwa mayi amene zida zinali kale m'magazi, nthenda imabuka pa miyezi yomweyo imene mwambo umati bambo adzisunge. Makolo athu anaona bwino kuti amayi ena amatupa akabereka. Za m'magazi sakanatha kuziona, ndiye anayang'ana munthu amene anali pafupi. Inu mwanena nokha kuti mikono inkakuvutani muli mtsikana. A Elliam munali mutawadziwa nthawi imeneyo?

Taganiziraninso za mayi anu aang'ono. Amuna awo anachoka, nanga manja anaphwa? Malume akuti anachedwa. Anachedwadi, koma kumene anachedwa ndi kuchipatala. Inu ndi a Anastasia ndinu magazi amodzi. Amuna awo ndi amuna anu palibe chibale.

Za Monica sindingalumbire m'malo mwa a Elliam. Sindikuwadziwa, ndipo makondakitala si angelo onse. Alipo matenda opatsirana pogonana amene amatupitsa bondo kapena kakolo, ndipo dokotala akhoza kuyeza zimenezo kuti mtima ukhale pansi, koma sayenda monga mwafotokozeramu. Nyamakazi iyi sipatsirana, ndipo sibwera chifukwa wina wagona kwina. Onaninso mmene anawamangira amuna anuwo. Atakana, anati akubisa. Atavomera, anati wolakwa. Dzina litasowa mwiniwake, anati wabisanso. Munthu wopanikizidwa chonchi akhoza kudzatchula dzina lina kumapeto kwa mweziku, ndipo ulendo uno likhoza kukhala la mkazi weniweni, wosalakwa, wa pabanja pake. Musalole kuti zifike pamenepo.

Tsono chitani izi. Sabata inoyi, osadikira ankhoswe, pitani kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu. Lawirirani kuti akaone manjawo akadali ouma. Kafotokozeni zonse monga mwandifotokozera ine, osasiya za mayi aang'ono ndi za mphini. Pemphani kuti akuyezeni magazi a nyamakazi imeneyi ndi kujambula manja, ndipo ngati zipangizo palibe akutumizeni ku Zomba kapena ku Blantyre. Nthawi zina magazi saonetsa kanthu nthenda ilipo, choncho musangolandira mapilitsi opha ululu n'kubwerera. Funsani, ndi thupi lanu.

Mankhwala ochiritsiratu kulibe, ndisakunamizeni. Alipo ogoneka asilikali aja kuti asiye kudya mfundo. Amachedwa kuyamba kugwira, amamwedwa nthawi yaitali, mwina moyo wonse, ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Amene ayamba msanga ambiri amabwerera ku ntchito zawo. Sindikulonjezani kuti mudzalukanso ngati kale, ndipo chala chakhotacho mwina chatero basi. Koma zinazo zikhoza kupulumuka. Muuzeni dokotala kuti mukuyamwitsa, chifukwa ena mwa mankhwalawa saloledwa kwa woyamwitsa kapena woyembekezera, ndipo musatenge pakati pena musanakambirane naye.

Mphini zilekeni lero lomwe. Bala pa mfundo yotupa ndi khomo la tizilombo, ndipo mukadzayamba mankhwala ogoneka asilikali, kabala kakang'ono kakhoza kukula. Mapilitsi ogula pamsika, aja amati amaphwetsa tsiku lomwelo, amangobisa ululu nthenda ikudyabe, ndipo akachuluka amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. M'mawa muziviika manja m'madzi ofunda n'kumatambasula zala pang'onopang'ono, musazisiye zingouma. Wosuta fodya pakhomopo azikasutira kutali.

Paulendo wa kuchipatalawo mutenge anthu awiri, amuna anu ndi malume anu. Eya, minibasi imodzi, ngakhale asayankhulane njira yonse. A Walter si mdani wanu. Ndi munthu amene anaona mlongo wake akupuwala, n'kulumbira kuti sizidzachitikanso pa mbumba yake. Musakawauze kuti mwambo ndi bodza, mungotsekana makutu. Auzeni kuti, "Malume, za sing'anga tayesa. Tiyeseko izi musanagamule." Akamve ndi makutu awo kuchokera kwa dokotala, akafunsenso mafunso awo onse. Mayi aang'ono nawonso akaonedwe. Manja awo sangawongoke, koma ululu ukhoza kuchepa, ndipo nthendayi ikalekereredwa imakhudzanso maso, mapapo ndi mtima.

Kwa ankhoswe, pakamwa panu pakuthwapo pakagwire ntchito yabwino. Kaneneni kuti wodwala ndinu, banja ndi lanu, ndipo simulola kuti lithe musanamve za kuchipatala. Ngati mtima ukuwakayikirabe a Elliam, muli ndi ufulu wokayika. Koma imeneyo ndi nkhani ina, yoti mukambirane awiri mitima itazizira, osaiphatikiza ndi zala zanu.

Chenjezo langa ndi ili. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mukangokhala chete n'kulola kuti a Elliam anyamule zovala, m'mawa mwake mudzadzuka manja ali gwa monga lero, chifukwa asilikali a m'magazi samva chigamulo cha ankhoswe. Mwezi udzatha, chala china chidzakhota. Ndipo anthu amene akhulupirira kuti munthu satupa popanda wochimwa sadzasiya kumufunafuna wochimwayo. Mwamuna adzakhala atapita kale. M'nyumbamo mudzatsala inu, ndipo tsiku lina mudzamva akufunsana pachitsime kuti, "Kodi iyeyu kumsika kuja ankangoluka tsitsi lokha?"